Mapiko Ogona M'malire

Kresten anadana ndi zigayo zamphepo za Laurids kuyambira tsiku limene anaziimika, ndipo zitagwetsedwa chidani chake sichinagwe nazo. Ife akumadzulo kuno kwa Jylland timadziwa kusunga mkwiyo kuposa mmene timasungira mbatatesi, koma Kresten anatiposa tonse.

Zigayozo zinali zitatu, zoima pamzere kumadzulo kwa munda wake, pamalo a Laurids. Sizinkagaya ufa ayi, zinkapukusa magetsi, dzinalo tinangotengera kwa makolo. Anaziimika ndi anthu a m'mudzi atapanga gulu, Laurids ali patsogolo, ndipo Kresten yekha ndiye anakana kulowamo. Dzuwa likapendeka, mthunzi wa mapiko unkalowa pazenera la kukhitchini kwake n'kumadutsa patebulo, kuwala, mdima, kuwala, mdima, mpaka dzuwa kulowa. Mkazi wake Edel mutu unkamuwawa nazo mpaka kusanza. Anasoka katani yochindikala yobiriwira, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu banja lija linkadya chamadzulo nyale ikuyaka, kunja dzuwa lili phwee. Kresten atakadandaula kumsonkhano, Laurids anaimirira n'kunena kuti chibadwire sanaonepo mwamuna wandevu akuthawa mthunzi. Anthu anafa nako kuseka. Edel anamwalira katani ili chitsekere, zigayo zikuzungulirabe kunja, ndipo Kresten sanakhululukire munthu aliyense amene anaseka tsiku lija.

Zigayo zitakalamba anazigwetsa. Kuti kireni yonyamulira zitsulo ipeze polowera, Laurids anadula mzere wonse wa mitengo yotchinga mphepo m'malire. Mitengoyo inali mbali yake, choncho panalibe womufunsa. Zitsulo zinapita msanga, pajatu chitsulo sichisowa mwini. Anatsala ndi mapiko, chifukwa phiko ndi ulusi wagalasi womatidwa ndi utomoni, siliola, silisungunuka, ndipo palibe amalifuna. Laurids anawagoneka chammbali motsatizana m'malire monse, n'kuwachirikiza ndi matabwa. Linakhala khoma loyera lalitali kuposa munthu, loyang'anana ndendende ndi zenera lija. Kresten anali atalumbira pamanda a mkazi wake kuti katani adzaitsegula tsiku limene chidutswa chomaliza chidzachoke, ndiye inakhalabe chitsekere.

Nthawi yomweyo mwana wake wamkazi, Maiken, anabwerako kumzinda wa Aarhus, atatopa ndi ntchito yophikira anthu muofesi. Anapempha kamunda kakatali kopapatiza ka m'malire kuti alimepo karoti. Ananena poyera, osazungulira: ayesa chaka chimodzi. Karoti akachita bwino akhala, atenga famu. Akakanika abwerera kutauni, ndipo asadzamufunsenso. Nyengo yonse yozizira anakhalira kututira manyowa pamchenga paja, zala zitauma gwaa. Kresten ankafunitsitsa kuti mwanayo akhale, ankafuna mpaka mtima kuwawa. Koma zotere sankazinena, pakamwa pake pankatuluka mosavuta ndi madandaulo okha.

"Bambo, mapiko aja muwasiye," anatero Maiken m'mawa wina akupaka batala pabuledi wakuda. "Ndamva kuti mwawaimbiranso a Zinyalala."

"Wakuuza ndani?"

"Mudzi wonse. Akuti akangoona nambala yanu onse amathawira kuchimbudzi."

"Athawe. Ndiwapeza konko."

"Nthaka ija mukuidziwa kuposa ine. Ndi mchenga, ndipo mitengo kulibe. Ndikafesa, mphepo ya Epulo n'kubwera kouma, chonditchinga ndi mapiko omwewo basi. Angogona mpaka karoti atagwira nthaka. Akamadzachoka mu Julayi ndidzakuthandizani kuvina."

"Munda umenewo analima agogo ako popanda zinyalala za munthu."

"Agogo anali ndi mitengo."

"Chaka chino kuli mvula."

"Ha! Zolosera nyengo mwayamba liti?"

Kresten anangotafuna buledi wake. Ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Iye yemwe ali wamng'ono anaonapo munda ukudzuka n'kuyenda, bambo ake ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Koma kudziwa ndi kwina, kumva ndi kwina. Tsiku lomwelo anayatsa galimoto n'kulunjika kwa a Zinyalala.

Bungwe limeneli ndi la chigawo chonse, matauni angapo anagwirizana kuti zotaya zawo zizionedwa pamodzi. Bwalo lawo lili m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo masiku ano kumapeto kwake kwadzaza mapiko ochokera m'midzi yonse, poti zigayo zinaimikidwa nthawi imodzi ndipo zikukalambanso nthawi imodzi. Woyang'anira mapikowo ndi Vibeke, mayi wamfupi wa jekete lachikasu, amene lilime lake ngakhale madalaivala amalole amaliopa.

"Mwabweranso, a Kresten," anatero asanatsike n'komwe. "Lero mwatibweretsera chiyani, mabotolo kapena mwano?"

"Ndabwera kudzaona ngati muno muli munthu wogwira ntchito."

"Alipo. Ndi amene mukumuchedwetsayu."

"Mayi, zinyalala zili pakhomo panga chiyambire chaka chatha. Inu ndinu a zinyalala. Kapena dzinalo n'lokongoletsera jekete?"

"Choyamba, sizili pakhomo panu, zili kwa a Laurids. Chachiwiri, phiko si thumba la makoko a mbatatesi loti tingoponya palole. Kukwirira sitikwirira. M'ng'anjo yathu silingalowe, galasi limatseka moto. Pamafunika anthu a macheka a waya, madzi akuthira, malona atayala pansi, kunja kuli bata. Gulu lotere tili nalo limodzi chigawo chonse chino. Tayang'anani uko, onsewo akudikira."

"Ndiye ine ndidikire mpaka liti?"

"Mpaka anthu atakolola. Ndipo mapiko a Laurids aja sitiwaphwanya n'komwe, ndi abwinobwino. Ena akakhala denga loimikapo njinga kusiteshoni, ena khoma lotchinga phokoso pamsewu. Ndinawalonjeza kale a tauni."

"Zamkutu! Denga la njinga! Ine ndikhale m'mdima chifukwa cha njinga?"

"M'mdima mwadziika nokha. Katani ili ndi loko?" Vibeke anapumira m'mwamba, kenaka anayesa kufewetsa mawu, poti nkhani ya Edel ankaidziwa. "Tamverani, a Kresten. Phiko lathunthu silivuta munthu. Lingagone pamenepo mpaka inu ndi ine titaiwalika. Lomwe timathamangira ndi long'ambika, chifukwa limakhetsa ulusi wagalasi, umalowa m'nthaka, ng'ombe n'kumadya. Limenelo sitiligoneka pamunda, timasiya zonse n'kukalichotsa. Anuwo ndi athunthu. Pitani mukamwe khofi, mtima ukhale pansi."

Ananena zimenezi pofuna kumutonthoza, mayi wa anthu. Kresten anamenyetsa chitseko cha galimoto osatsanzika, koma mawu aja anapita nawo kunyumba.

Epulo atalowa mvula inadula. Maiken anafesa karoti wake, mizere yowongoka bwino kuchokera kumsewu mpaka kungalande. Kresten ankati akatuluka m'khola amaima n'kumaiyang'ana mobisa, ndipo ankanyada. Tsiku lina akuyenda m'malire anapeza Laurids akukhomerera matabwa ochirikiza mapiko. Amuna awiriwa anali atatha zaka osalankhulana, koma tsiku limenelo mdierekezi anali ndi mpata.

"Ukusisita zinyalala zakozo?" anayamba Kresten.

Laurids sanatembenuke. "Ndi zanga, pamalo anga. Bwanji, mthunzi ukukuthamangitsabe? Usaope, pano agona pansi, saluma."

"Unandiphera mkazi ndi zinthu zimenezi, galu iwe."

"Edel usamutchule. Edel ankandipatsa moni kutchalitchi, iwe uli kuseri kwa katani ngati mphaka wodwala."

"Unawaika dala apa. Malo onsewa uli nawo, koma unasankha pazenera langa kuti ndiziwaona."

Apa Laurids anaika hamala pansi n'kuseka, kuseka komwe kuja kwa kumsonkhano, kungoti tsopano mano anali atachepa.

"Iwe? Ukuganiza kuti ndingavutitse kireni tsiku lonse chifukwa cha nkhope yakoyo? Umadziona wofunika, eti? Kafunse mwana wako. Anabwera yekha kwanga, anavula nsapato pakhomo lakuseri, anakhala patebulo langa. Khofi wanga anamwa, kapu yachiwiri analandiranso, keke ya mkazi wanga anayamikira. Ndiye n'kundipempha bwinobwino kuti, a Laurids, mapikowo muwagoneke m'malire anditchingire mphepo mpaka mitengo yatsopano ikule. Mwana uja ali ndi mutu. Anatengera amake, mwayi wake."

Kuno kwathu khofi si chakumwa chabe. Munthu akakhala patebulo lako n'kulandira kapu yachiwiri, ndiye kuti wavomera kuti pakati panu palibe mlandu. Chichitikireni msonkhano uja, palibe wa m'nyumba ya Kresten anali atapondako kwa Laurids, ngakhale pamaliro. Kresten anamva magazi akuwira m'makutu. Anabwerera kunyumba, ndipo sanamufunse Maiken kanthu. Anangomuyang'ana akudya, n'kumaona kapu ya Laurids m'manja mwake.

Lamlungu Maiken anapita ku Aarhus kukatenga katundu wake wotsala. Ananyamuka akuimba, n'kunena kuti chipinda chakutauni wachibweza kwa eni ake. Munthu wanzeru akanamva zimenezo n'kukhala pansi kuthokoza Mulungu. Kresten anadikira belu la tchalitchi, anaona galimoto ya Laurids ikutuluka, n'kukatenga macheka ake a injini odulira nkhuni.

Kunja kunali zii, mbalame zokha. Anapinda malaya mpaka m'zigongono ngati akukadula mtengo wamba. Macheka atangokhudza phiko loyamba analira mawu achilendo, ndipo fumbi loyera linafuka n'kumugwera m'manja, m'khosi, m'tsitsi. Sanasamale. Anang'amba loyamba, n'kupita pa lachiwiri. Akanalekera pomwepo mwina nkhani ikanakhala ina, koma mkwiyo wa zaka zonse zija unali utapeza pogwira. Ankadula akutukwana, akutchula Laurids, akutchula onse amene anaseka, amoyo ndi akufa omwe. Mano a macheka anabuntha, iye n'kumangokanikiza mpaka utsi. Pamene belu lotulukira linkalira panalibe phiko ndi limodzi lomwe lopanda bala, ndipo Kresten anamva kukoma mumtima, kukoma kwenikweni, kopanda manyazi.

Kuyabwa kunayamba asanafike kunyumba. Anasamba madzi otentha, n'kukhala ngati wawonjezera. Maiken atabwera madzulo ndi makatoni ake anawaunjika m'khonde, n'kupeza bambo ake atavala juzi ya khosi lalitali kunja kukufunda.

Lolemba m'mawa Kresten anaimba foni. "Mapiko aja ang'ambika," anatero. "Paja munati chiyani za ong'ambika?"

Vibeke anafika dzuwa lisanakwere. Laurids anali kale pamalopo, manja m'thumba, nkhope ili gwaa. Maiken anabwera akuthamanga, tsitsi osapesa. Vibeke anayenda m'malire monse, akugwada pabala lililonse, kenaka anabwerera n'kuima pamaso pa Kresten.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Mwina anyamata a m'tauni. Masiku ano ana alibe mwambo."

"Anyamata a m'tauni." Vibeke anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga mphere mwayamba liti, a Kresten?"

Pamenepo m'pamene Kresten anazindikira kuti dzanja lake lili m'khosi, likukanda. Analitsitsa msanga. Koma kuyabwa kwa galasi sikumva manyazi, posakhalitsa linalo linali m'chigongono.

"Kandani, musadzizunze," anatero Vibeke. "Aliyense wodula phiko pouma amakanda choncho. Mwasamba madzi otentha, eti? Ndiye mwalilowetsa bwino. Muzikumbuka ine sabata yonse."

Laurids analavula pansi. Maiken anayang'ana khosi la bambo ake, lofiira psuu pamwamba pa juzi, kenaka anayang'ana mizere yake. Atatero anatembenukira kwa Vibeke.

"Mayi, chonde. Tiwakute ndi malona, ndimanga ndekha. Angokhala mpaka Juni. Karoti wangoyamba kumera, mukawachotsa pano ndatha."

"Mwana wanga, akanang'amba limodzi ndikanachotsa limodzi. Wadula onse. Lona silingagwire pamphepo ya kuno, ndipo ulusiwo ukauluka ukutera pamunda pako pomwepa. Ukufuna kugulitsa karoti wagalasi? Ndikakulola lero, mawa ndidzabwera kudzakutsekera munda wonse."

Mawu a mwana wake oti ndatha anamulowa Kresten ngati msomali. Kukoma kwa dzulo kuja kunatheratu, m'malo mwake munalowa mantha.

"Asiyeni," anatero. "Dandaulo langa ndabweza. Akhale mpaka Julayi."

"Mwabweza?" Vibeke anakweza mawu mpaka akhwangwala anauluka. "Mukuyesa pano ndi pamsika? Si dandaulo lanu likuwachotsa, bambo inu, ndi macheka anu! Miyezi yonseyi mwatisowetsa mtendere, lero mwapeza zomwe mumafuna, ndiye mukuti chiyani? Ndasiya anthu a midzi ina amene adikira mwaulemu, ndikubweretsa gulu lonse kuno chifukwa cha nkhalamba imodzi yosamva. Denga la njinga lapita, khoma lapita. Mapiko abwinobwino akaperedwa ngati chimanga, akathere m'ng'anjo ya simenti. Mukadzaona thumba la simenti muzidzalipatsa moni."

"Mayi, ine ndimati..."

"Musandiuze mayi. Sindine mayi wanu. Mayi wanu akanakukwapulani." Anatembenukira kwa Laurids. "Katundu ndi wanu. Mukafuna za kupolisi, umboni ndipereka."

"Kupolisi kukatani?" anatero Laurids, maso ali kumadzulo. "Mphepo ikwanira."

Anthu a macheka anabwera m'mawa mwake, poti bata linalipobe. Anayala malona, anavala zophimba kumaso, waya n'kuyamba kudya mapiko madzi akutsikira m'migolo. Ankagwira ntchito mwaukhondo, mosafulumira, ndipo Kresten ankaonera patali akukanda, akulakalaka waya ataduka kapena lole itatitimira. Palibe chinaduka. Zidutswa zinakwera palole chimodzichimodzi, dothi la pansi pake analipala n'kulitenganso. Lole yomaliza itatuluka m'malire munatsala mbee, timitengo tatsopano ta Laurids tokha, tosafika ndi m'bondo momwe.

Chidutswa chomaliza chinali chitachoka, koma katani Kresten sanaikhudze.

Masiku otsatira m'nyumba munali ngati mwagwa maliro. Maiken ankadzuka, kudya chiimire, n'kupita kumunda. Makatoni anakhala m'khonde osamasula, ndipo Kresten ankawalambalala ngati ali ndi minga. Anayesa kulankhula kamodzi.

"Unapita kukamwa khofi kwa munthu uja."

"Eya, ndinapita."

"Amayi ako..."

"Amayi akanapita nane. Musawaike pakamwa, Bambo, si iwo anagwira macheka."

Kresten, amene kutchalitchi anasiya kalekale, anayamba kupempha mvula. Ankatuluka m'mawa kuyang'ana kumwamba, kumwamba kuli mbuu, kopanda ndi kamtambo komwe. Anamangirira thanki kuthirakitala n'kumathira madzi m'mizere, koma mchenga wa kuno umamwa ngati chidakwa, pofika masana unali utauma kale. Maiken ankamuona akuthira, osamuletsa, osamuthokoza.

Mphepo inabwera Loweruka chakumasana. Inayamba ndi kugwedeza zingwe zoyanikira zovala, kenaka chitseko cha khola chinamenyetseka. Kresten atatuluka anaona kumadzulo kwasanduka kofiirira. Minda ya kunyanja inali itadzuka kale, ndipo panalibe choimitsa mphepoyo kuchokera kugombe mpaka pamunda wa Maiken. Itafika, pamwamba pa munda panayamba kuyenda. Poyamba mchenga unkakwawa m'mizere, kenaka unanyamuka wonse, manyowa a nyengo yonse yozizira ali momwemo. Magalimoto pamsewu anayatsa nyale masanasana.

Kresten anathamangira thirakitala. Anaiyendetsa mpaka m'malire, anaiimika chopingasa ndi thanki yake pamene panagona mapiko. Anathamanganso kukakoka ngolo ndi manja, nkhalamba ya tsitsi loyera, akugwa n'kudzuka, mchenga uli m'mano. Thirakitala imodzi ndi ngolo, m'malire motalika chonchija! Mphepo inkangodutsa pansi ndi m'mbali ikuimba mluzu. Kutsidya, Laurids anali ataima pakhomo la khola lake, manja m'thumba. Sanaseke, ndipo Kresten akanakonda akanaseka.

Maiken anali pakati pa munda, mpango utakuta pakamwa. Sankathamanga, sankachita kanthu. Karoti anali atangotulutsa timasamba tiwiri tonga tsitsi, ndipo mchenga unkatimeta iye akuona. Pambuyo pake anayenda mpaka kungalande ya kummawa, imene inali itadzaza dothi lakuda, dothi lake. Anatapa dzanja limodzi, analiyang'ana, n'kulisiya kuti liuluke.

Mphepo inaleka tsiku lotsatira chakumadzulo. Kresten anali kukhitchini, nyale ikuyaka, atagwira kapu ya khofi wozizira. Ankamva mapazi m'khonde, kupita ndi kubwera, ndi chitseko cha galimoto. Anadziwa kuti ndi makatoni. Maiken atalowa anali atavala jekete la ulendo.

"Ungafesenso," anatero Kresten. Mawu anatuluka aang'ono. "Nthawi ilipo. Mbewu ndikagula ine. Manyowa ndituta ine. Ndikapita kwa Laurids ngati ukufuna, ndikamwa khofi wakeyo."

"Mukamwa lero?"

"Ndikamwa."

"Mbewu si vuto, Bambo. Mphepo ndinaiwerengera, mchenga ndinauwerengera, ngakhale a Laurids ndinawawerengera. Amene sindinamuwerengere ndi munthu amene ndimadya naye. Munkadziwa. Mukanakhala osadziwa ndikanakhala, koma munkadziwa bwinobwino, ndipo munadula onse."

"Ndimafuna ukhale, mwana wanga."

Anali asananenepo mawu amenewa chibwerere Maiken, ndipo onse awiri anamva kuti afika mochedwa.

"Ndikudziwa," anatero Maiken. "Koma munkafuna china kuposa pamenepo."

Anapita pazenera n'kugwira katani yobiriwira ija. Mphete zake zinali zitachita dzimbiri, inakana, iye n'kuikoka mwamphamvu mpaka inatseguka yonse. Mchenga umene unalowa m'ming'alu unakhuthukira pansi. Anazimitsa nyale.

"Onani. Palibenso chokutchingani."

Anamupsompsona pamutu mwachangu, ngati mmene amachitira munthu pamaliro, n'kutuluka. Kresten anamva galimoto ikuyaka, ikutsika kanjira, ikukhota kumsewu waukulu.

Dzuwa linali litapendeka. Linalowa pazenera lonse, n'kugona patebulo osagwedezeka, kuwala kokhakokha, monga mmene Edel ankafunira zaka zonse zija. Kresten ankatha kuona kutali kwambiri tsopano. Ankaona thirakitala yake itaima yokha m'malire, denga la Laurids, mpaka milu ya mchenga ya kunyanja. Pafupi, pansi pa zenera penipeni, panali munda wa Maiken, wosalala, wotuwa, wopanda mzere ndi umodzi womwe.

Anakhala akuyang'ana, akukanda mkono. Kenaka anadzuka, anatseka katani, n'kuyatsa nyale.